Nkhunda Yopindika Phiko ya m'Kabati Mwanga

Fatsani ndi Tiyanjane, ana anga, nkhunda yagalasi ija ili m'kabati pabalaza mwaiseka mokwanira. Iwe Fatsani unati ikuoneka ngati inagundidwa ndi minibasi, ndipo Tiyanjane amauza alendo kuti, "Luso la amayi ndi limeneli, zaka zonse zija ku Qatar." Ine ndimaseka nanu, chifukwa phiko lina ndi lalitalidi kuposa linzake, ndipo khosi lake linalowera kumene likudziwa lokha. Koma popeza tsopano ndinapuma ntchito ndipo nthawi ndili nayo yochita kutaya, ndati ndikulembereni mbiri ya nkhundayo, kuti tsiku limene ndidzatsikire kuli chete musadzaipereke kwa ana kuti aziseweretsa pamchenga.

2014: Ku hotela

Ndinafika ku Doha ndili kale mayi wamkulu, bambo anu atamwalira, inu nditakusiyani m'manja mwa azakhali anu ku Balaka. Ntchito yanga yoyamba inali pa hotela ina yaing'ono ku Al Nasr: kuyala mabedi, kutsuka mabafa, kukankha kangolo ka matawulo m'makonde ozizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni, pamene kunja dzuwa likuphika phula la mumsewu. Sindiinyoza ntchito ija, ndi imene inakulipirirani sukulu. Koma ntchito yoyeretsa ili ndi chipongwe chake. Umaigwira bwino lero, mawa umakapeza ngati sunagwirepo kanthu.

Pakhomo pa hotelayo panali kasitolo ka mphatso kodzaza tizidole ta krustalo. Mawu akuti krustalo ndinkangowamva kutchalitchi, osadziwa kuti ndi galasi lolemera, loyera mbee, limene munthu amatha kulisema. Munali akabawi, ngamila, ngalawa za matanga ndi timaketulo ta khofi. Atsikana anzanga ankakana kupukuta m'menemo poopa kuswa, ine ndinadzipereka, ndipo ndinkachedwamo dala. Ndinkanyamula kabawi mmodzi, n'kumutembenuza uku ndi uku, n'kumadzifunsa kuti munthu wa manja ngati angawa anayambira pati. Mukudziwa kuti agogo anu aamuna anali okhoma ndowa ndi mbaula pamsika wa Balaka. Alongo anga onse anawaphunzitsa, koma ine ndikangokhudza nyundo ankati, "Siya iwe, ukaphwanya zala adzakukwatira ndani?" Njala yofuna kupanga chinthu ndi manja anga ndinakula nayo, ndipo ndinakwera nayo ndege.

2017: Ku Al Asmakh

Amene ankapanga tizidoleto anali bambo wina wachikulire wa ku Egypt, dzina lawo a Sabri, koma aliyense ankawatchula kuti Muallimu, monga momwe anzathu a ku Mangochi amatchulira aphunzitsi a kumzikiti. Ankabwera okha kudzasiya katundu, atavala magalasi awiri, ena pamphuno, ena pamphumi. Tsiku lina anandipeza ndikupukuta ngamila, ndipo anaima n'kumandiyang'ana mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndapalamula. Kenaka anati, m'Chingerezi chawo chodukaduka chimene chinkalingana ndi changa, "Aliyense amagwira ngamila pakhosi. Iwe wagwira pamimba. Anakuuza ndani?" Ndinayankha kuti palibe, kungoti kwathu nkhuku sitiigwira pakhosi pokhapokha ngati tikufuna ndiwo. Anaseka mpaka magalasi apamphumi anagwera pa anzake.

Masiku amenewo munthu sunkasintha ntchito popanda chilolezo cha amene anakubweretsa m'dzikomo. Mwayi wanga unali wakuti mwini hotela, a Hamadi, analinso mwini shopu ya Muallimu, ndiye zinangotengera mawu apakamwa. Mwezi wotsatira ndinayamba ntchito yolongedza katundu ku Al Asmakh, dera lakale la nyumba zotopa, m'kashopu kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Muallimu anandifunsa dzina la mwana wanga woyamba, ndipo kuchokera pamenepo ndinakhala Umu Fatsani, ndiye kuti make Fatsani. Ndinamva ngati ndafika kwathu.

Ntchito inkayenda chonchi. Muallimu ankadula krustalo pa gudumu lamwala lozungulira, madzi akudontha kuchokera m'kachitini kuti galasi lisatenthe n'kung'aluka. Thupi palokha, mutu pawokha, mapiko pawokha. Rajani, bambo wa ku India wosalankhulalankhula, ankasalaza zidutswazo pa gudumu lina lofewa ndi ufa wofiirira, kenaka Muallimu ankazimata ndi guluu woyera ngati madzi. Koma ntchito sinkathera pamenepo. Chidole chilichonse ankatuluka nacho pakhomo m'mawa n'kuchikweza padzuwa. Chikaponya utawaleza pa khoma loyera la kutsidya kwa kanjira, ankati chili ndi moyo. Chikapanda kutero, ngakhale chikongole chotani, chinkabwerera pa gudumu.

Pamwamba pa chitseko panali shelefu ya zinthu zosagulitsa. Lamulo la Muallimu linali lakuti aliyense wophunzira ntchito m'manja mwawo apange nyama ya kwawo, ndipo ikapambana mayeso a dzuwa izikhala pamenepo. Panali njovu ya Rajani, nyani wa munthu wa ku Nepal, nsomba ya wina wa ku Philippines, ndi zina za anthu amene anachoka kalekale. Kumapeto kwenikweni kunali nkhunda yopindika phiko. Pakamwa panga mumapadziwa. Tsiku loyamba lomwelo ndinafunsa kuti chinthu chomvetsa chisoni chotere anapanga ndani. Rajani anandiponda phazi, koma madzi anali atatayika kale. Muallimu anati, "Ndine. Ndinaipanga ndili mnyamata ku Cairo. Ndi yonyansa, koma kaikweze padzuwa." Eya, Fatsani, nkhunda yogundidwa ndi minibasi ija si yanga.

Ine ndinafika ntchitoyo dzuwa likuilowera. Muallimu ankasimba kuti kale m'kashopumo munkadzaza amisiri mpaka kugundana zigongono, ndipo ukwati uliwonse waukulu unkaitanitsa tizidole topatsa alendo. Tsopano m'masitolo munadzaza zidole zochokera ku mafakitale akunja, zoumbidwa m'chikombole ngati njerwa, zotsika mtengo, ndi zibuma zagalasi zokhala ndi chithunzi m'kati chojambulidwa ndi makina a kompyuta. Achinyamata nawonso sankafunanso makabati. "Nyumba zawo ndi zoyera ngati chipatala," ankatero Muallimu. "Tebulo, televizioni, khalasi, basi zatha. Ngamila yanga ikaima pati?" Komabe maoda ochepa ankabwera, ndipo ankatikwanira anthu atatu. Ine maso anga anali pa shelefu ija. Ndinkapempha kuti andiphunzitse, iwo n'kumati, "Bukra, inshallah," kutanthauza mawa, Mulungu akalola. Mawa limenelo linatenga zaka zitatu. Chifukwa chake sichinali chakuti ndine mkazi ayi. Krustalo inkachokera kunja, inali yodula, ndipo panalibe yoti wophunzira aziwononga.

2020: Matenda

Chakudza sichiimba ng'oma. Korona itafika, misika inatsekedwa, ndege zinaima, ifenso tinakhala m'nyumba. Pamene anatilola kubwerera ku ntchito, titavala zotseka pakamwa, tinapeza kuti kulibe wogula ngakhale mmodzi, ndipo krustalo yatsopano sinkabweranso. Tinkangokhala atatu, aliyense pakona pake, kumwa tiyi ndi kumvetsera madzi akudontha m'kachitini. Muallimu ankatsegula madziwo ngakhale panalibe chodula, ati shopu yopanda phokoso imawadwalitsa.

Ndili chikhalire choncho ndinakumbukira kuti ku hotela kuja, m'chipinda chosungira katundu, munali makatoni a zidutswa za nyali yaikulu ya krustalo yolendewera kudenga imene anaitsitsa pokonzanso malo olandirira alendo. Ndinkasesa mozungulira makatoniwo kwa zaka zitatu, ndiye ndinkazidziwa bwino. Ndinapempha Muallimu aimbire a Hamadi, ndipo a Hamadi anati, "Tengani, mundichotsere zinyalala." Makatoni atafika, Muallimu anatola chidutswa chimodzi, anachigogoda ndi chikhadabo, chinalira ngati kabelu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Umu Fatsani, mawa lija lafika. Yala, tiye, khala pa gudumu."

Ana anga, dziko lonse linali pa maliro chaka chimenecho, nanenso ndinkakuderani nkhawa usana ndi usiku, koma ndikanama ndikati sindinasangalale. Ndinkadzuka mtima ukuvina. Mwezi woyamba wonse anandipatsa ntchito imodzi yokha, kudula mbali imodzi yosalala. Gudumu linandidya zikhadabo, madzi anatuwitsa zala, ndipo zidutswa zinkandipulumuka n'kuuluka mpaka Rajani anasamutsa mpando wake. Muallimu ankaima kumbuyo kwanga akubwereza kuti, "Shwaya, shwaya, pang'onopang'ono. Usakankhe. Galasi silikonda kulamulidwa, lili ngati iwe." Pang'onopang'ono manja anayamba kumva. Ndinayamba kudziwa ndi khutu pamene gudumu likudya bwino ndi pamene galasi latsala pang'ono kung'aluka. Tsiku limene ndinadula mlomo wa mbalame osauthyola, ndinayenda mumsewu ndikuseka ndekha, ndipo chotseka pakamwa chija chinandithandiza kuti anthu asandiyese wamisala.

Chakumapeto kwa 2020: Mapanga awiri

Kenaka boma la kumeneko linasintha lamulo. Wantchito aliyense anakhala ndi ufulu wosintha ntchito popanda kupempha chilolezo kwa bwana wake. Kwa ife obwera chinali chinthu chachikulu, ndipo anthu ambiri amene ankazunzika anapumira m'mwamba. Rajani, wa ana asanu, anapita ku kampani yodula magalasi a mawindo, ndipo Muallimu anamudalitsa. Nthawi yomweyo a Hamadi anabwera okha kudzatiuza mwaulemu kuti shopu sikudzilipiranso lendi, ndipo idzatsekedwa kumapeto kwa chaka chotsatira. Anati wofuna kukhala mpaka pamenepo akhale, koma malipiro adzakhala ongokwanira basi.

Mnzanga wapamtima ku Doha anali Joyisi wa ku Ntcheu, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Messila. Lachisanu lina, tsiku lake lopuma, anabwera akuthamanga ngati watola chikwama.

"Achemwali, mwamva? Pano palibenso za chilolezo. Mungopereka notisi, khalasi, mwatchenja jobu. Hotela yatsopano ija ikufuna masupavaiza a hausikipingi chifukwa cha mpira wa dziko lonse ukubwerawu. Salale yabwino, akomodeshoni, maovataimu. Ine ndapanga kale apulai, ndipo dzina lanu ndalitchula kwa manenjala."

"Ndamva, Joyisi, koma sindinamalize kuphunzira."

"Kuphunzira chiyani? Ntchito yoti mwini wake akuti yafa? Ku Balaka mukadula galasi la ndani? Inu muli ndi ana, achemwali. Musachite zibwana pa ukalamba."

Joyisi sankanama, ndipo n'chifukwa chake mawu ake anandipweteka. Iwe Fatsani unali ku koleji, Tiyanjane ali folomu folo. Malo a usupavaiza sakanadikira chaka. Ndinayesa kuganiza zogwira ku hotela n'kumabwera kushopu tsiku lopuma, koma ndinadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo gudumu silimva munthu wobwera kamodzi pa sabata. Muallimu nawonso anakhala mbali ya Joyisi. Anati, "Pita, Umu Fatsani. Ine ndikukuphunzitsa kuweta ngamila dziko litagula magalimoto." Ndinaloza pamwamba pa chitseko n'kunena kuti, "Muallimu, pa shelefu paja palibe nyama ya ku Malawi." Iwo anangotsegula madzi a m'kachitini.

Ndinakhala. Ufulu wochoka utabwera, ndinaugwiritsa ntchito posankha kukhala, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kusankha ntchito chifukwa choikonda. Chaka chimenecho mukukumbukira kuti ndinkatumiza zochepa, fizi yokha ndi kangachepe. Tiyanjane unalemba mayeso ndi nsapato zosokedwa kawiri, ndipo foni imene Fatsani unkailira sinabwere. Tsopano mwadziwa kumene inapita.

2021: Nkhanga

Nyama ya kwathu imene ndinasankha inali nkhanga. Muallimu sankaidziwa, ndipo nditawaonetsa chithunzi pa foni anafunsa ngati mbalame za kwathu zimadwala chikuku. Anandichenjeza kuti mawangawo adzandivuta, koma ine ndi ine, sindinamve. Ndinadula thupi lozungulira, kakhosi, kamutu ndi kachipewa kake, kenaka ndinaboola timaenje tating'onoting'ono thupi lonse kuti tikhale mawanga. Inaoneka nkhanga yeniyeni, moti ndinkangodikira kuti ilire. Tinatuluka nayo pakhomo, Muallimu anaikweza padzuwa, koma khoma linangokhala loyera. Timaenje tija tinali totuwa m'kati, ndipo tinkameza kuwala konse. Ndinayesa kutisalaza pa gudumu, mawanga anafufutika, nkhanga inasanduka nkhuku. Yachiwiri inang'aluka pakati ndili pafupi kumaliza. Tsiku limenelo ndinalira, ndipo ndinakumbukira mawu a Joyisi onse, amodziamodzi.

M'makatoni munatsala chidutswa chimodzi chokha chokwanira thupi la mbalame, mpira umene unkalendewera pansi penipeni pa nyali ija. Muallimu anauika m'manja mwanga n'kunena kuti ngati ndikufuna ndipange bakha, wosalala, wosavuta, ndipo adzakwera pa shelefu mosakayika. Ndinati abakha ali paliponse. Anapukusa mutu, kenaka anatulutsa m'thumba kamtengo kotsukira mano kamene Aluya amayenda nako, anakasongola, n'kukaviika mu ufa wosalazira. Anati kale ku Cairo timaenje totere ankatisalaza ndi dzanja, kamodzikamodzi, koma maso awo sangathenso. "Kudzakutengera miyezi," anatero. Ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditawamasulira anati anthu a kwanu muli ndi nthawi yambiri.

Miyezi yomalizayo ndinaikhala chowerama, kamtengo m'dzanja, ndikupota kaenje kalikonse mpaka kawale. Pambali panga shopu inkatha. Gudumu la Rajani linagulitsidwa, mashelefu anayamba kuyera, makatoni a Muallimu obwerera nawo ku Egypt anaunjikana pakhomo. Anthu ankasuzumira n'kufunsa ngati tikugulitsa mipando. Ine ndinkangopota, ndikung'ung'udza nyimbo za kwaya, Muallimu akuyankha ndi zawo za Chiluya, ndipo nyimbo ziwirizo sizinkagwirizana ngakhale pang'ono.

Ndinamaliza m'sabata yotsiriza, mwezi wa Disembala. Ndiye taonani chipongwe cha dziko lija. Dzuwa limene linatiwotcha zaka zonsezo linasankha sabata imeneyo kubisala. Kunachita fumbi ndi mitambo, m'mawa uliwonse tinkatuluka ndi nkhanga n'kubwerera nayo. Ndinapempha Muallimu kuti tiyese ndi tochi ya foni, koma anakana. Anati lamulo ndi dzuwa, ndipo sangalisinthe pa mwana wawo womaliza.

Tsiku lopereka makiyi linafika. Rajani anabwera kudzatsanzika, Joyisi nayenso anabwera atavala yunifolomu ya usupavaiza, ati adzaone chimene chinandidyetsa chaka. Kunali kotuwabe. Tinanyamula makatoni, tinasesa, ndipo ndinayamba kudziuza kuti palibe kanthu, manja aphunzira, shelefu ndi thabwa chabe. Mtima sunavomere. Dzuwa litakwera pang'ono, wometa tsitsi uja anasuzumira n'kunena kuti kunja kwayera. Muallimu sanaitenge nkhangayo. Anati, "Ndi yako, kweza wekha."

Ndinaigwira pamimba n'kuikweza. Khoma lonse la kutsidya linadzaza timadontho ta utawaleza, kaenje kalikonse kakuponya kake, ofiira, obiriwira, achikasu, kuyambira pansi mpaka pa mawaya a magetsi. Ndikatembenuza dzanja pang'ono, onse ankayenda pamodzi ngati gulu la nkhanga m'munda wokolola. Ndinaimba nthungululu pakati pa Al Asmakh, Joyisi anandilandira, okonza mafoni anatuluka kudzaona kuti ukwati ndi wa ndani. Rajani wosalankhula uja ankaomba m'manja. Muallimu anavula magalasi onse awiri n'kupukuta m'maso. Joyisi anandikumbatira n'kunong'oneza kuti, "Ndinu wamisalabe, achemwali, koma chinthuchi n'chokongola."

Muallimu anakwera pa mpando, ife titawagwira miyendo, n'kuika nkhanga yanga pa shelefu pakati pa njovu ndi nkhunda. Inakhalapo nthawi yomwera tiyi basi, koma inakhalapo. Titatha tiyi anatsitsa nyama zonse n'kuyamba kuzikulunga, ati ana awo onse akupita nawo ku Cairo. Ndinamva kuwawa kuona nkhanga yanga ikulowa m'katoni, koma lamulo ndinkalidziwa kuyambira pachiyambi. Itatsala nkhunda yokha, anaiika m'manja mwanga. Anati, "Shelefu siyamba yopanda kanthu. Ine ndinayamba yanga ndi iyi. Kayambe yako." Ndinawakumbutsa kuti ku Balaka kulibe krustalo, kulibenso gudumu. Anayankha kuti, "Kuli manja?"

Lero

Ndinagwirako ntchito ina pang'ono, kenaka ndinabwerera kuno kumudzi. Muallimu amanditumizirabe mauthenga pa foni kudzera kwa mwana wawo wamkazi, ndipo nthawi zina chithunzi cha nkhanga ili pawindo, khoma la nyumba yawo litadzaza mawanga. Pamene panali shopu yathu ndinamva kuti pano akugulitsapo makava a mafoni. Ntchito ya krustalo yosema ndi manja ndinaipeza ikutha ndipo ndinaiperekeza, koma sindinachokeko chimanjamanja.

Mwaona kuti pambali pa nkhundayo m'kabati pali malo opanda kanthu, ndipo ndimakana kuti muikepo makapu. Malo amenewo ndi anu, ndi a ana anu, aamuna ndi aakazi omwe. Chikhale cha lata ngati cha agogo anu, cha dongo, cha waya kapena cha nsalu, bola chikhale chopanga ndi manja anu ndipo mwachivutikira. Koma musanayambe kuseka kuti amayi ayambanso, mukabwera pa Khirisimasi mudzadzuke m'mawa, mudzatenge nkhundayo n'kupita nayo kuseri, pamene dzuwa limamenya khoma la khitchini. Mudzaikweze m'mwamba, ndipo mudzaigwire pamimba, osati pakhosi.